Mutu 6: Kusamutsa Zithunzi Kuchokera pa Foni Kupita pa Kompyuta

Nthawi yophunzira mutuwu: maola atatu

Chiyambi

M'mutu wapitawu tinaona mmene mungajambulire ntchito za ophunzira anu ndi foni yam'manja. Tikukhulupirira kuti pofika lero foniyo yadzaza ndi zithunzi za matchati, zoumba, dimba la sukulu, mwinanso za tsiku la masewera. Tsono tadzifunsani: foniyo itagwera m'ndowa ya madzi mawa m'mawa, kapena wina ataisolola m'chikwama muli mu kombi, mungatsale ndi zithunzi zingati? Ambirife tikayankha moona, tinena kuti palibe n'chimodzi chomwe. Paja chakudza sichiimba ng'oma.

Mfundo yaikulu ya mutu uno ndi iyi: chithunzi chimene chili malo amodzi okha sichinasungidwe. Choncho tiphunzira kukopera zithunzi pa kompyuta, kutsimikiza kuti zafikadi, ndi kuzisunga mwa dongosolo. Powerenga mukhale ndi foni yanu, chingwe chake, ndi kompyuta pafupi. Ngati pasukulu panu palibe kompyuta, pemphani mnzanu amene ali ndi laputopu kuti muchitire limodzi.

Zolinga

Pomaliza mutu uno muzitha:
• kupeza malo amene foni imasungira zithunzi;
• kukopera zithunzi pa kompyuta pogwiritsa ntchito chingwe;
• kusankha njira ina yoyenera ngati chingwe palibe;
• kutsimikiza kuti zithunzi zonse zafika musanafufute kanthu;
• kuteteza zithunzi zoonetsa nkhope za ana.

Nkhani yophunzirapo: Zithunzi za agogo ku Nguboyenja

Nguboyenja ndi limodzi mwa makomboni akale a mzinda wa Bulawayo ku Zimbabwe. Layandikana ndi Makokoba, Mzilikazi ndi Barbourfields, ndipo dzina lake ndi la mmodzi mwa ana a mfumu Lobengula. M'makomboni amenewa muli mabanja amene makolo awo anachokera ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia kudzagwira ntchito kunjanji, m'mafakitale ndi m'nyumba za azungu, ena m'nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963, enanso kale kuposa apo. Ambiri sanabwererenso kwawo, ndi aja timawatcha matchona. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Kuyambira 2024, maphunziro a dzikolo amatsindika za chikhalidwe ndi mbiri ya makolo, ndipo ophunzira amachita mapulojekiti apasukulu m'malo mwa ntchito zija zinkatchedwa CALA.

Mphunzitsi wina wa Giredi 6 m'derali anauza ana kuti akafunse agogo awo mmene anafikira ku Bulawayo, ndipo abwere ndi chinthu chimodzi chakale. Ana anabweretsa zitupa, makalata ochokera kumudzi, ndi zithunzi zojambulitsa kusitudiyo. Mtsikana wina anabwera ndi chithunzi cha agogo ake aamuna atavala yunifolomu yakunjanji, kumbuyo kwake atalemba dzina la mudzi ndi la mfumu yawo ku Dedza. Eni zinthuzi sanalole kuti zigone kusukulu, motero mphunzitsiyo anazijambula ndi foni n'kuzibweza tsiku lomwelo. Zonse pamodzi zinakwana zithunzi 140.

Patatha milungu ingapo foni inayamba kudandaula kuti malo atha. Mayiwo analumikiza foni ku kompyuta ya muofesi n'kuyamba kukopera, kenaka anapita m'kalasi. Ali komweko magetsi anazima. Atayakanso, anayatsa kompyuta, anaona foda ili ndi zithunzi, mtima n'kukhala pansi. Madzulo ake anafufuta zonse m'foni. Pokonza chionetsero kumapeto kwa teremu ndi pamene anazindikira kuti zinafika ndi zithunzi 60 zokha. Zina anazipeza pa WhatsApp pomwe anatumizira mnzake, koma atazikulitsa zolemba zapazitupa sizinkawerengeka. Cha agogo akunjanji aja panalibe. Nthawiyi n'kuti agogowo atamwalira, ndipo chithunzi chenichenicho achibale anali atapita nacho.

Ntchito 1
Lembani m'kope mwanu zinthu zitatu zimene mphunzitsiyu akanachita mosiyana. Mukamaliza mutu wonse mubwererenso ku mayankho anuwo muone ngati mungawonjezerepo.

1. Kodi zithunzi zimakhala pati m'foni?

Mukatsegula Gallery kapena Photos, zithunzi zonse zimaoneka ngati zili pamodzi, koma m'kati mwa foni zili m'mafoda osiyanasiyana. Zimene mwajambula nokha ndi kamera zimalowa mufoda yotchedwa DCIM, ndipo pa mafoni ambiri a Android m'katimo muli ina yotchedwa Camera. Dzina loti DCIM linayamba ndi makamera adijito mafoni amakonowa asanabwere, n'chifukwa chake mumalipezanso pa memori khadi ya kamera.

Zithunzi zojambula sikirini zimakhala mufoda ya Screenshots, imene imapezeka mu DCIM kapena mu Pictures kutengera mtundu wa foni. Zimene mwatsitsa pa intaneti zili mu Download. Zimene makolo ndi aphunzitsi anzanu amakutumizirani pa WhatsApp zili kwina: pa mafoni atsopano tsegulani Android, kenaka media, com.whatsapp, WhatsApp, Media, pomaliza WhatsApp Images. Mwaona? Mukakopera DCIM yokha, zonse zobwera pa WhatsApp zimatsala.

2. Kukopera pogwiritsa ntchito chingwe

Njira imeneyi ndiyo tikukulimbikitsani. Sifuna bandulo, sifuna netiweki, ndipo chithunzi chimafika monga chinajambulidwira. Malangizowa ndi a foni ya Android ndi kompyuta ya Windows 10 kapena Windows 11.

1. Onetsetsani kuti foni ili ndi moto wokwanira. Ngati kwanuko magetsi amazimazima, gwiritsani ntchito laputopu yotchaja kale, poti kompyuta yapatebulo imazima pompo magetsi akathawa.
2. Pa kompyuta pangani foda yatsopano mu Pictures, muipatse dzina.
3. Lumikizani foni ku kompyuta ndi chingwe cha USB, ndipo tsegulani loko wa foni. Foni yokhoma simaonetsa kanthu pa kompyuta.
4. Kokani chala kuchokera pamwamba pa sikirini ya foni. Muona uthenga wonena za USB. Udineni, musankhe File transfer. Mafoni ena amalemba Transferring files kapena MTP. Mukapanda kusankha, mafoni ambiri amangotchaja basi.
5. Pa kompyuta tsegulani File Explorer. Njira yachidule ndi kudina batani la Windows pamodzi ndi E. Mu This PC muona dzina la foni yanu.
6. Tsegulani foniyo, kenaka Internal storage, DCIM, Camera. Ngati muli ndi memori khadi, iyonso ioneka payokha ndi DCIM yakeyake.
7. Sankhani zithunzi zimene mukufuna. Ctrl ndi A amasankha zonse. Kenaka dinani Ctrl ndi C kuti mukopere.
8. Pitani kufoda munapanga ija, mudine Ctrl ndi V. Dikirani mpaka kabokosi koonetsa mmene ntchito ikuyendera katseke kokha. Musachokepo, musasolole chingwe.

Chonde gwiritsani ntchito Copy, osati Cut. Copy imasiya chithunzi m'foni n'kupanga chinzake pa kompyuta. Cut imachotsa chithunzi m'foni, ndiye chingwe chikagwedezeka pakatikati simudziwanso kuti chafika ndi chiti, chatsala ndi chiti. Ngati zithunzi n'zambiri, kopani pang'onopang'ono, mwina 200 nthawi imodzi, chifukwa kulumikizana kwa foni ndi kompyuta kumakonda kuima mukakupatsa mtolo waukulu.

Nanga amene muli ndi iPhone? Mukalumikiza, foni ikufunsani ngati mukuikhulupirira kompyutayo. Dinani Trust kapena Allow, ndipo mulembe nambala yanu yachinsinsi ikafunsidwa. Mukatero muipeza mu This PC, kapena tsegulani pulogalamu ya Photos pa Windows mudine Import. Kompyuta ikapanda kuiona foniyo, pafunika kuikamo Apple Devices kapena iTunes. Dziwaninso kuti kuyambira 2017 iPhone imasunga zithunzi mu mtundu wa HEIC, umene makompyuta ena sautsegula. Kuti muzijambula za JPEG zimene zimatseguka paliponse, pitani ku Settings, Camera, Formats, musankhe Most Compatible.

Ntchito 2
Jambulani zithunzi zisanu za bolodi kapena za mabuku a m'kalasi mwanu. Zikopereni pa kompyuta motsatira masitepe asanu ndi atatu aja. Lembani sitepe imene inakuvutani ndi mmene munaithetsera.

3. Zikakanika mutani?

Musafulumire kunena kuti foni yawonongeka. Safunsa anadya phula, tsono yambani ndi mafunso awa.

Kodi chingwe n'choyenera? Zingwe zina, makamaka zotchipa ndi zobwera ndi ma power bank, zili ndi mawaya a moto okha, zilibe odutsa mafayilo. Foni imatchaja bwinobwino koma kompyuta siiona. Yesani chingwe china, makamaka chimene chinabwera ndi foniyo.

Kodi foni ndi yotsegula, ndipo mwasankha File transfer? Foda ikaoneka yopanda kanthu, nthawi zambiri vuto limakhala limeneli.

Kodi polowetsa chingwe ndi pabwino? Yesani bowo lina la USB. Pa kompyuta yapatebulo, mabowo akumbuyo ndiwo amadalirika kuposa akutsogolo. Onaninso bowo la foni, mwina mwalowa fumbi la choko kapena ulusi wam'thumba.

Zonsezi zikakanika, zimitsani foni ndi kompyuta, muyatsenso, muyambirenso.

4. Njira zina

Memori khadi. Ngati kamera yanu imasungira pa khadi, zimitsani foni, tulutsani khadiyo, muilowetse mu card reader. Ndi njira yachangu, koma kakhadiko n'kakang'ono ngati chikhadabo, sikachedwa kusowa.

Bluetooth ndi Quick Share. Bluetooth imathandiza pa zithunzi ziwiri kapena zitatu, koma pa zithunzi 100 mudikira mpaka kutopa. Quick Share, imene kale inkatchedwa Nearby Share mpaka 2024, imathamanga kwambiri, koma muyenera kuika pulogalamu yake pa kompyuta, ndipo kompyutayo ikhale ndi Bluetooth ndi Wi-Fi.

WhatsApp. Ambirife ndi imene tinazolowera, eti? Vuto lake n'lakuti mukatumiza chithunzi mwa nthawi zonse, WhatsApp imachichepetsa kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo imachotsa zolembedwa zobisika zonena tsiku limene chinajambulidwa. Pa foni chimaoneka bwino, koma pochisindikiza kapena kuchikulitsa zolemba zing'onozing'ono zimafufutika. Izi ndi zimene zinachitikira zitupa za ku Nguboyenja zija. Mu 2023 anawonjezera batani la HD, limene limachepetsako vutoli koma osalithetsa. Ngati mulibe njira ina, tumizani chithunzicho ngati Document, chidzafika chathunthu.

Google Photos ndi iCloud. Izi zimasunga zithunzi pa intaneti kuti muzitsitse pa kompyuta iliyonse. Google imapereka malo aulere okwana 15 GB amene amagawidwa ndi Gmail ndi Drive, ndipo kuyambira pa 1 Juni 2021 zithunzi zatsopano zimawerengeredwa m'malo amenewa. Apple imapereka 5 GB. Tawerengerani ndalama yake: chithunzi chimodzi chikakhala 3 MB, zithunzi 300 zikwana 900 MB, pafupifupi 1 GB ya bandulo pokweza, inanso potsitsa. Chenjeraninso: foni ikalumikizidwa ku Google Photos kapena iCloud, mukafufuta chithunzi m'pulogalamuyo chimafufutikanso pa intaneti. Ndipo mukalowa muakaunti yanu pa kompyuta ya sukulu kapena pa intaneti kafe, tulukanimo musanachoke.

Ntchito 3
Tumizani chithunzi chimodzi cha tsamba lolembedwa pamanja m'njira ziwiri: pa chingwe ndi pa WhatsApp mwa nthawi zonse. Tsegulani zonse ziwiri pa kompyuta, muzikulitse. Dinani kumanja kwa mausi pa chilichonse, musankhe Properties, mulembe kukula kwake. Mwapeza kusiyana kotani?

5. Tsimikizani, tchulani mayina, sungani kawiri

Apa ndi pamene mnzathu uja anaphonya. Kuona foda ili ndi zithunzi si umboni woti zonse zafika. Musanafufute kanthu m'foni chitani zitatu izi. Choyamba, werengani: File Explorer imaonetsa chiwerengero cha mafayilo pakona yam'munsi kumanzere. Chiwerengero cha m'foni chifanane ndi cha pa kompyuta. Chachiwiri, solani chingwe, kenaka mutsegule chithunzi choyamba, zingapo zapakati ndi chomaliza. Mukatsegula foni ikadali yolumikizidwa, mwina mukuona za m'foni momwemo osadziwa. Chachitatu, onani kukula kwa mafayilo. Fayilo yolembedwa 0 KB ilibe kanthu, ikopereninso.

Kenaka tchulani mayina. Foni imapatsa zithunzi mayina a manambala amene pakatha chaka sakuuzani chilichonse. Mafoda muziwatcha poyamba ndi chaka, kenaka mwezi, kalasi ndi ntchito, mwachitsanzo 2025-03 Giredi 6 Mbiri ya Makolo. Mukayamba ndi chaka, kompyuta imawandandalika yokha motsatana. Pa zithunzi za zinthu zakale, ikani mufodamo kafayilo kolembamo kuti chithunzi chilichonse chikuonetsa chiyani, chinachokera kubanja liti, ndipo anafotokoza ndani. Chithunzi cha munthu wosadziwika dzina chimataya theka la phindu lake.

Pomaliza, sungani kawiri. Mukakopera pa kompyuta n'kufufuta m'foni, zithunzi zija zabwereranso pokhala malo amodzi, si choncho? Kompyuta nayo imafa, imabedwa, imagwidwa vayirasi. Choncho koperaninso fodayo pa fulashi kapena pa hard drive yapadera, ndipo muisunge kwina, osati m'chipinda chomwecho muli kompyuta. Akatswiri amalangiza makope atatu, pa zipangizo zamitundu iwiri, kope limodzi likhale kutali. Ngati simungakwanitse atatu, awiri asalephereke. Fulashi ya zithunzi isamayendeyende m'makompyuta osindikizira mapepala m'tauni, kumeneko ndi kumene imatola vayirasi ija yobisa mafoda n'kusiya ma shortcut. Muzidina Eject musanaisolole. Ngati kompyuta ya sukulu ili ndi Windows 10, dziwani kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, tsono kusamala n'kofunika koposa kale.

Khalani ndi tsiku lokhazikika lochita zimenezi, monga Lachisanu lomaliza la mwezi. Osadikira kuti foni iyambe yadandaula.

6. Nkhope za ana si zathu

Chithunzi chikachoka m'foni mwanu n'kulowa pa kompyuta ya muofesi, aliyense wokhala pampandopo angathe kuchiona ndi kuchikopera. Ku Zimbabwe kuli lamulo loteteza mbiri ya anthu la 2021, ku Malawi kuli la 2024, ndipo malamulo oterewa amafuna chilolezo cha kholo kapena womuyang'anira mwana musanagwiritse ntchito zokhudza mwanayo. Chithunzi choonetsa nkhope chili m'gulu limeneli. Kambiranani ndi a hedi za kalata yopempha chilolezo, yolembedwa m'chilankhulo chimene makolowo amamva, kaya Chindebele, Chishona kapena Chichewa.

Ngati chofunika ndi ntchito ya mwana, jambulani ntchitoyo ndi manja ake, nkhope isaoneke. Sungani zithunzi za ana muakaunti ya kompyuta yokhala ndi pasiwedi. Zithunzi za kusukulu zisasakanikirane ndi za kunyumba kwanu. Kumbukiraninso kuti mafoni ambiri amalemba m'chithunzi malo enieni amene chinajambulidwira, ngati Location ya kamera ili yoyatsa. Mukajambula pakhomo pa wophunzira, fayiloyo ingathe kulozera munthu wachilendo kunyumbako. Izimitseni mu Settings ya kamera. Zitupa ndi makalata nazonso zili ndi mayina ndi manambala a anthu. Funsani banja musanaziike pachionetsero, ndipo mulipatse kope lake. Kope limenelo ndi ulemu kwa eni ake, komanso ndi malo ena osungirako.

Kuomba mkota

M'mutu uno taona kuti zithunzi zojambula nokha zili mu DCIM, pamene za WhatsApp zili mufoda ina. Njira yodalirika ndi chingwe: tsegulani foni, sankhani File transfer, gwiritsani ntchito Copy. WhatsApp imachepetsa zithunzi pokhapokha mutatumiza ngati Document. Musanafufute, werengani mafayilo, solani chingwe, mutsegule zithunzi. Sungani malo awiri kapena atatu, ndipo tetezani nkhope za ana.

Mafunso odziyesa nokha

1. Foni ikutchaja koma kompyuta sikuiona. Tchulani zinthu ziwiri zoyamba kuziona.
2. N'chifukwa chiyani Copy ili yabwino kuposa Cut?
3. Kholo likufuna kukutumizirani chithunzi cha kalata yakale pa WhatsApp. Mulilangiza kuti litumize bwanji?
4. Mwakopera zithunzi pa kompyuta, mwatsimikiza, mwafufuta m'foni. Kodi zasungika? Fotokozani.

Mayankho

1. Onani ngati foni ili yotsegula ndipo mwasankha File transfer. Kenaka yesani chingwe china.
2. Copy imasiya zithunzi m'foni, motero ntchito ikadukiza mungathe kuyambiranso popanda kutaya kanthu.
3. Litumize ngati Document kuti zolemba ziwerengeke.
4. Ayi, zikadali malo amodzi. Pafunika kope lina pa fulashi kapena pa hard drive yosungidwa kwina.

Ntchito yotumiza kwa mlangizi wanu

Konzani dongosolo la tsamba limodzi losungira zithunzi pasukulu panu. Litchule amene azikopera, tsiku lake, kachitidwe ka mayina a mafoda, kumene kope lachiwiri lizisungidwa, ndi mmene muzipemphera chilolezo kwa makolo. Lionetseni kwa a hedi ndi kwa mphunzitsi mnzanu mmodzi, mulembe ndemanga zawo kumapeto, ndipo mulitumize pamodzi ndi mayankho a Ntchito 2 ndi Ntchito 3. Musatumize chithunzi chilichonse choonetsa nkhope ya mwana.